Kahatchi ka M'denga mwa Royston Heap

Kuno ku Burnley kuli anthu ambiri amene sangakufotokozereni nkhope ya Royston Heap, koma nsapato zake amazidziwa. Munthuyo ankagogoda, n'kupereka moni wachidule, n'kutambasula makwerero ake achitsulo pansi pa kachitseko ka pasiling'i, ndipo mwininyumba ankatsala akucheza ndi zidendene. Mutu ndi mapewa zinali zitalowa kale m'denga. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake kwa zaka zambiri, yoyeza nyumba kuti aone mmene imasungira kutentha ndi mmene imadyera gasi ndi magetsi.

Lamulo limati nyumba isagulitsidwe kapena kuchititsidwa lendi popanda satifiketi yochokera kwa munthu ngati Royston. Pasatifiketipo pamakhala chilembo chimodzi, kuyambira A wobiriwira mpaka G wofiira. Nyumba zathu zamiyalazi, zomangidwa mondondozana m'nthawi ya makolo athu, A zimangomva kuti aliko. Zambiri zimapuma movutikira pa D ndi E, ndipo nyumba ikatsetsereka kufika pa F landilodi saloledwa kuikamo munthu.

Royston ankayeza makoma ndi tepi, n'kuona mawindo, n'kusuzumira makina otenthetsera nyumba. Koma ntchito yeniyeni inali m'denga. Pamwamba pa siling'i amayalapo chinthu chonga thonje, choyabwa koopsa, chimene chimatchinga kutentha kuti kusathawire kunja. Woyeza ayenera kukwera yekha, kuzika rula m'thonjemo, n'kujambula chithunzi choonetsa kuti lakhuthala bwanji. A bungwe lopereka malaisensi amatola ntchito ina iliyonse mwadzidzidzi n'kuunika zithunzizo, ndipo kwa iwo chimene sunajambule kulibe. Ukalemba kuti m'denga sunathe kulowamo, kompyuta simva chisoni. Imangoganiza kuti nyumba yakale ngati imeneyi mulibe kanthu, chilembo n'kugwa.

M'denga ndi mmene anthu a kuno amasungamo zinthu zimene sangathe kutaya komanso safuna kuziona: diresi la ukwati umene unatha kalekale, ndodo za malemu, mabotolo amene mkazi sakuwadziwa. Royston anadziphunzitsa kusaona zimenezi. Tochi yake inkadutsa pa zinsinsi za eni ake n'kukaima pa manambala a rula, ndipo iye ankanyadira khalidwe limeneli kuposa china chilichonse.

"Maso anga amaona rula basi," ankatero.

"Ee, tikudziwa," ankayankha mkazi wake Glenys. "Iwe ungapeze mtembo m'denga, n'kuupempha kuti usendere pang'ono ukuphimba manambala."

Royston sanabadwire pamakwerero. Unyamata wake wonse unathera m'fakitale yopanga mapepala omata m'makoma, akuyang'anira makina osindikiza maluwa. Fakitaleyo itatsekedwa anawapatsa kangachepe kotsanzikira, ndipo inali nthawi yomwe lamulo la masatifiketi linkayamba. Kunatulukira abwana ena a masuti onyezimira, n'kutenga holo ya pahotela, tiyi ndi mabisiketi zaulere. Anthu amenewo ine ndikawakumbukira mtima umandiwawabe mpaka lero. Ankadziwa kuti m'holomo mwakhala amuna amene ntchito yawathera, aliyense ndi kandalama kake kotsiriza m'thumba, ndipo ankadziwanso mawu oti awauze.

"Nyumba m'dziko muno n'zosawerengeka, koma oyeza kulibe," anatero wa sutiyo. "Mudzakhala bwana wa inu nokha. Palibenso wokuimbirani belu. Ntchito muzidzachita kukana, ndikukuuzani ine."

Dougie Pilling, mnzake wa Royston wa pamakina omwewo, anamugunda ndi chigongono. "Aise, wamva? Bwana! Iweyo ndi kamutu kakoko, bwana!"

Onse awiri analipira maphunzirowo. Chimene wa suti uja sananene n'chakuti mawu omwewo ankawanenanso ku Blackburn, ku Bolton, ku Preston, ndi m'holo iliyonse imene munali mipando. Pamene Royston ankalandira khadi lake lovala m'khosi, lokhala ndi chithunzi ndi nambala, oyeza anali atachuluka kuposa nyumba zofuna kuyezedwa. Sananenenso kuti nyumba ukaiyeza lero yatha, sidzakufunanso mpaka patapita zaka khumi.

Komabe chaka choyamba chinali chokoma, tisaname. Royston analembetsa dzina lake pachitseko cha kagalimoto kake, ndipo Glenys anamujambula ataima pambali pake, khadi lili pachifuwa, akumwetulira ngati mwana wopambana mayeso. Kenako kunabwera madobadoba a pa intaneti. Iwo sakwera denga, sadziwa n'komwe kuyabwa kwa thonje, koma ndi amene eni nyumba amawapeza poyamba. Amalandira ntchito, n'kudya gawo lawo, n'kuponyera woyeza aliyense amene wavomera zotsalazo. Nyumba imodzi imene poyamba inkagula zakudya za sabata inafika pongokwanira mafuta a galimoto ndi kankhomaliro kogula m'njira. Chindapusa cha laisensi, inshuwalansi ndi maphunziro obwereza chaka ndi chaka, izo ndiye sizinatsike.

Anzake a m'holo ija anathothoka mmodzimmodzi. Wina anapita kukayendetsa takisi, wina kukakankha matilole onyamulira katundu kusitolo. Dougie analowa ntchito yogawa katundu m'makomo, ndipo Loweruka masana akakumana kubala sankamusiya mnzake.

"Abwana afika! Apatseni mpando abwana. Lero mwakwera madenga angati, bwana?"

"Ine bola sindithamangitsidwa ndi agalu a eni ake," ankatero Royston.

"Agaluwo amandithamangitsa ndili pamalipiro, aise. Iwe amene amakuluma ndani? Umphawi ulibe mano?"

Ankaseka onse, koma tsiku lina Dougie anaika tambula pansi n'kunena zoona. "Roy, tuluka mmenemo ukadali ndi miyendo. Kwathu akufunabe madalaivala. Anatigwiritsa fuwa lamoto anthu aja, vomera basi."

Royston anakana. Anali wouma khosi, inde, koma panalinso china. Moyo wake wonse anali munthu wa pamakina, wodziwika ndi nambala ya pageti, ndipo khadi lija linali chinthu choyamba chimene chinanena kuti iye akudziwa kanthu. Analinso ndi chiwerengero chake m'mutu. Glenys ankaphika kusukulu ya pulayimale, malipiro ake osakwanira kuyendetsa nyumba paokha. Penshoni ya boma inali patsogolo ndithu, zaka zingapo. Laisensi ikanangomufikitsa pamenepo, nyumba yawo imene analereramo mwana wawo Janine ikanakhala yawo mpaka imfa. Sankapemphanso ubwana. Ankangopempha kuti akwere mpaka penshoni.

Chizungulire chinamupeza m'mawa wina m'nyumba yopanda anthu. Anaimika makwerero monga mwa masiku onse, n'kukwera pang'ono, n'kupendeketsa mutu kuti akankhe kachitseko, ndipo nyumba yonse inatembenuka. Siling'i inapita pansi, makoma anathamanga. Anazindikira ali chogona pakapeti, akugwira mwendo wa makwerero, thukuta lili kamukamu, mseru uli m'khosi. Adokotala anati vuto lili mkati mwa khutu, ndipo kwa anthu ena limatha koma kwa ena limangopita n'kubwerera. Anamutembenuza mutu uku ndi uku pabedi la kuchipatala, anamupatsa mapilitsi, n'kumufunsa ngati ntchito yake ili ndi zokwera.

"Pang'ono," anatero Royston.

"Ndiye pang'onopo musiye, Bambo Heap. Mukadzagwa bwino simudzadzukanso."

Kwa Glenys anangoti ndi kuthamanga kwa magazi. Poyenda pansi analibe vuto, poyang'ana kutsogolo analibe vuto. Chizungulirecho chinkangomudikira pamene waima pa chitsulo chopyapyala, manja ali m'mwamba, mutu uli chagada, ndipo kachitseko ka denga kalikonse m'tauni muno kamafuna zimenezo.

Poyamba anachita zoona. Analemba kuti m'denga sanalowemo, ndipo kompyuta inachita zake. Nyumba zinayamba kugwera pa F. Sipanapite nthawi, Imtiaz anamuitana. Imtiaz ali ndi kaofesi kopezera anthu nyumba za lendi, ndipo anali munthu yekhayo wotsala amene ankaimbira Royston mwachindunji osadzera kwa madobadoba. Anamuthirira tiyi, n'kutseka chitseko.

"Madala, ine ndimakulemekezani. Munayeza nyumba ya mayi anga, munavula nsapato pakhomo, sindiiwala. Koma chikuchitika n'chiyani? Malandilodi akundidya wamoyo. Akuti munthu wako wa makwerero amangowanyamula ngati chokongoletsera."

"Zitseko zina zimakhala zokhomerera," anatero Royston.

"Zonse? Mwezi uno wokha zitseko zonse za mu Burnley zakhomeredwa?" Imtiaz anapukusa mutu. "Mukudwala, madala? Ngati mukudwala nenani."

"Ndili bwinobwino."

"Chabwino. Koma ina ikagwanso chifukwa cha denga, ndiitana wina. Si nkhanza, nanenso ndili ndi ana."

Royston anafika kunyumba Glenys asanaweruke. Anakhala pakama, ndipo maso ake anagwera pamasitepe. Janine ali wamng'ono, Royston anafuna kumukonzera chipinda choseweramo m'denga. Anamanga masitepe enieni amatabwa, otakasuka, okhala ndi pogwira, n'kuika chitseko choima ngati cha chipinda. Chipindacho sichinatheke, mwana anakula n'kukwatiwa ku Leeds, koma masitepe anatsala. Linali denga lokhalo m'tauni yonse limene munthu akanalowamo mutu uli woongoka. Ndipo nyumba za kuno zinamangidwa ndi manja amodzi: mitanda yomweyo, matailosi ofolera omwewo, fumbi lomwelo. Ukaona denga limodzi waona onse.

Anayamba choncho. Kunyumba ya eni ake ankayeza zonse mwachilungamo, makoma, mawindo, makina. Akafika pansi pa kachitseko ankafunsa mwininyumba kuti thonje lilimo lochuluka bwanji. Kenako ankabwerera kwawo, n'kukwera masitepe ake, n'kugwada, n'kuzika rula. Mwini akati lilimo lambiri, ankalifutukula ndi dzanja. Akati lochepa, ankalipsinja ndi bondo. Ankasintha poima kuti zithunzi zisafanane, ankaonetsetsa kuti manambala akuoneka bwino, n'kutumiza. Ankadziuza kuti sakunama kwenikweni, akungobwereka denga. Munthu akafuna kudzikhululukira sasowa mawu, ndipo Royston anawapeza okwanira miyezi yonse ya chilimwe.

Nyumba imene inamugwetsa inali ya kumapeto kwa mzere, kufupi ndi ngalande. Mwini wake, a Threlfall, anabwera okha kudzatsegula, makiyi ambirimbiri ali m'manja, galimoto ataisiya ikulira panja. Royston atangolowa m'chipinda cham'mwamba anadziwa. Munthu amene wayenda m'nyumba zozizira kwa zaka zonsezo safunika rula. Kuzizira kunkatsika kuchokera kumwamba n'kumugwira pamutu, ndipo m'makona mwa siling'i penti yatsopano inkalephera kubisa madontho akuda a chuku.

"Thonje lilimo?" anafunsa.

"Lodzaza. Ndinaika ndekha, lofika m'mawondo. Tachitani changu akulu, pali kamtsikana kali ndi khanda kakufuna kulowa sabata yamawa."

Apa ndimuikire umboni Royston, chifukwa anayesa. Anatambasula makwerero, anaponda, anakwera mpaka dzanja lake linakhudza kachitseko. Atangokweza chibwano, chipinda chinayamba kuyenda. Anakumbatira chitsulo, maso ali chitsinzire, mpaka zinthu zinaima. Anatsika mwendo umodziumodzi.

"Mwaona kale?" anafunsa a Threlfall, maso ali pafoni.

Akanatha kunena kuti sanaone. Akanatha kuwapatsa tochi ndi rula n'kuti kwerani nokha tione. Koma anaganiza za Imtiaz, anaganiza za Glenys akutsuka mapoto a ana a eni ake, ndipo anapinda makwerero. Masana omwewo anagwada m'denga mwake n'kufutukula thonje mpaka linafika pamene a Threlfall ananena. Nyumbayo inapeza E, ndipo kamtsikana kaja kanalowa.

Dzina ndi nambala ya woyeza zimalembedwa pasatifiketi, koma zaka zonsezo panalibe munthu wa lendi amene anamuimbirapo. Foni inalira nyengo yozizira itafika pachimake, Royston akudya chakudya cham'mawa.

"Ndinu Royston Heap? Ine ndine Leanne Dugdale, wa nyumba ya kungalande ija. Pepala lanu likuti m'denga mwanga muli thonje."

"Ee, mayi, ngati zinalembedwa choncho..."

"Mchimwene wanga wakweramo dzulo kukaika masutikesi. Mukudziwa chimene wapeza? Zitosi za nkhunda. Zitosi, ndi kuwala kwa kunja kukulowa m'matailosi! Mwana wanga ndapita naye kuchipatala ndi chifuwa, akugona atavala chipewa m'nyumba, gasi ndikuthira ngati ndikutenthetsa msewu wonse. Ndinasankha nyumba ino chifukwa cha pepala lanulo. Munakweramo inu?"

Royston anakankhira mbale yake kumbali.

"Ndikufunsa, bambo. Ndinu munthu wamkulu, mawu anu akuchita kumveka. Munakweramo?"

"Pepani, mayi."

"Pepani wanuyo ndimufunditse mwana? Ndikukanenani."

Anakanenadi, ndipo anachita bwino. A bungwe la malaisensi anaitanitsa zithunzi za ntchito zake zonse za chaka chimenecho. Royston anatumiza, ndipo chodabwitsa n'chakuti anali ndi kachiyembekezo. Nyumba ya kungalande anaivomereza mumtima kuti yamugwira, mwina amuimika kwa kanthawi, mwina amutumiza kukaphunziranso. Koma zinazo ankazidalira. Anali atayang'ana chithunzi chilichonse asanatumize, ndipo pa chilichonse rula inali yoongoka, manambala ooneka bwino.

Amene anaimba anali mayi wa mawu ofatsa, dzina lake Bryony. Anayamba ndi kufunsa za moyo, ndipo Royston anadziwa kuti zinthu sizili bwino.

"Bambo Heap, ndili ndi zithunzi zanu pano. Ndikufuna mundithandize chinthu chimodzi. Kahatchi aka n'ka ndani?"

"Kahatchi?"

"Kamatabwa, kokwerapo ana. Kofiirira, khutu limodzi lothyoka. M'nyumba ya kungalande kaima kuseri kwa rula, kumanzere. M'nyumba ya sabata yotsatira kakuoneka mutu wokha. Mu ina mchira. Ndatsegula zithunzi zanu kuyambira chilimwe, ndipo pafupifupi denga lililonse limene munayeza kalimo. Ndayesetsa kuganiza kuti mwina sitolo ina inagulitsa tambiri, koma khutu lake ndi lomwelo."

Royston anakwera masitepe foni ili kukhutu. Anatsegula chitseko, anayatsa tochi, ndipo kanalidi pomwepo, pafupi ndi chumuni, fumbi lili pamsana. Anakasema yekha Janine asanayambe sukulu, khutulo linathyoka tsiku limene mwanayo anagwa nako pakhonde. Miyezi yonseyi ankagwada patsogolo pake, nthawi zina ankatsamirapo dzanja podzuka, koma sanakaone ngakhale tsiku limodzi. Maso amene anawaphunzitsa kusaona katundu wa eni ake sanaonenso wake.

"Bambo Heap, mukundimva?"

"N'ka mwana wanga," anatero.

Kenako Bryony ananena zimene anayenera kunena, kuti laisensi yaimitsidwa kuyambira tsiku lomwelo, kuti nkhani ipita kwa akuluakulu koma asayembekezere zambiri, kuti nyumba zonsezo ziyezedwanso ndi anthu ena, ndipo mabungwe anzawo adziwitsidwa kuti asakalembetse kwina. Pomaliza anafunsa chifukwa chake, osati monga wa bungwe koma monga munthu. Royston anamuuza za chizungulire chija.

"Mukanatiuza," anatero mayiyo.

"Mukanandikwerera?"

Mayiyo anangotsanzika n'kudula foni, ndipo Royston sanamuimbe mlandu.

Glenys anamupeza atakhala pamasitepe, khadi lili m'manja. Anamvetsera zonse ataima, chikhoti asanavule. Royston ankayembekezera mkuntho, ndipo mkunthowo ukanamupepukira.

"Ine ndimaona ngati wayambiranso fodya," anatero Glenys. "Ndimati mwamuna akukasuta m'mwambamo, musiye, ali ndi zambiri m'mutu. Mpaka ndimasangalala kuti sukusutira m'khitchini." Anavula chikhoti n'kuchikoleka. "Unagwa pamakwerero osandiuza. Ukanafera m'nyumba yopanda anthu, ine ndikusenda mbatata kusukulu."

"Ndimafuna tifike pa penshoni, Glen."

"Tafika?" Anapita kukatereka ketulo, ndipo ali chofulatira anafunsa, "Khandalo lili bwanji?"

Royston sankadziwa. Patapita masiku anapita kungalande kuja, osadziwa n'komwe chimene akanene, koma anapeza makatani atachotsedwa. Woyandikana naye anati mtsikanayo wabwerera kwa mayi ake. Nkhope ya Leanne sanaione konse, anangotsala ndi mawu ake m'khutu lomwe lija lodwalalo.

Zotsatira zake zinayenda mmene zimayendera kwa mwamuna amene wapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Dougie anamutengera kwa abwana ake, koma atamva za chizungulire anati galimoto yawo sangamupatse. Kumasitolo ankamuuza kuti alembe pa intaneti, ndipo pa intaneti sipankabwera yankho. Imtiaz anamuimbira kamodzi, mwaulemu, kumuuza kuti malandilodi akufuna khosi lake koma iye wawaletsa kupita kunyumba kwa Royston. Kubala Dougie anasiya kumutchula bwana, ndipo zimenezo zinamupweteka Royston kuposa chipongwe chija. Dzina la pachitseko cha galimoto analimatula yekha ndi madzi otentha, koma zilembo zinatsala zikuonekabe pamene penti sinapsere ndi dzuwa.

Anapirira nyengo yozizira imodzi akutenthetsa chipinda chimodzi chokha. Itayandikira yachiwiri, Glenys ndi amene ananena mawu amene onse awiri ankawazemba. Nyumba igulitsidwe, apeze kafulati kapansi kopanda masitepe, zotsalazo ziwafikitse pa penshoni. Royston sanatsutse. Ndipo poti nyumba sigulitsidwa popanda satifiketi, panafunika woyeza.

Amene madobadoba anatumiza anafika m'mawa kukuwaza mvula. Anali bambo wa imvi za m'mbali, wamimba pang'ono, nsapato zatsopano, khadi lonyezimira lili pachifuwa. Anadzitchula kuti Wesley Tattersall, n'kuvula nsapato pakhomo osauzidwa. Tepi ankaigwira ndi manja awiri, akuyeza khoma lililonse kawiri. Royston ankamutsatira m'mbuyo manja ali m'thumba, ndipo pamene bamboyo anasokonezeka pa makina otenthetsera, anamulozera pamene pali nambala yake.

"Kodi mumaidziwa ntchitoyi, achimwene?" anafunsa Wesley.

"Ndinaigwirapo."

"Zoona? Ndiye ndakumana ndi mwini wake!" Nkhope yake inawala. "Ine ndangoyamba kumene. Ndinali kosungira katundu wa sitolo ya mipando, anatseka. Kandalama kotsanzikira ndinati ndisadye, ndiphunzirire ntchito. Anatiuza kuti malamulo atsopano akubwera, nyumba zonse za lendi ziyezedwanso, oyeza achepa. Mayi a kunyumba amadandaula, koma ndimawauza kuti poyamba pamavuta. Inu amene mwakhalamo, tandiuzeni zoona. Ili ndi tsogolo?"

Glenys anali pakhomo la khitchini, kansalu kopukutira mbale kali m'manja, ndipo anayang'ana mwamuna wake. Royston anali ndi zambiri zoti anene. Akanamuuza za holo ya pahotela, za madobadoba, za anzake a matakisi ndi matilole. Koma ndalama za munthuyo zinali zitapita kale, khadi linali kale m'khosi, ndipo Royston ankakumbukira kuti iyenso Dougie anamuuza zoona koma sizinathandize.

"Mutu wanu suzungulira mukayang'ana kumwamba?" anafunsa.

Wesley anaseka. "Ayi, mutu ndiye ndili nawo wabwino."

"Ndiye kwerani. Denga lililonse muzikwera nokha, mpaka tsiku limene uzungulire."

Wesley anasekanso, poganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu a ntchito. Anapita kukatenga makwerero ake, koma Royston anamuonetsa masitepe, ndipo bamboyo anaimba mluzu kuti madenga onse akanakhala chonchi bwenzi ntchito ili yokoma. Anakwera, anagwada, anazika rula mosamala. Royston anaima kumbuyo kwake akumuunikira ndi tochi. Thonje linali losalingana, pena lofutukuka, pena lophwatalala ndi bondo, ndipo Wesley anadabwa kuti ayeze pati. Atasankha malo, anakweza foni, kenako anaitsitsa.

"Pali kahatchi apa kakulowa m'chithunzi. Ndikasunthe?"

"Kasiyeni," anatero Royston. "Kayenda m'madenga a tauni yonse ino. Kajambulidweko kamodzi kali kwawo."